Galu wa Kuseri kwa Kabokosi

"Usamasule galuyo munthu asanayankhe," ndinamuuza. "Ukumva iwe? Wokhala chete sanavomere."

Mdzukulu wanga sanacheuke n'komwe. Zala zake zinkangothamanga pa kompyuta ngati nkhuku zolimbirana chakudya.

"Ndamva, Agogo a Chenjerani."

Ndilo dzina limene anandipatsa, ndipo sindikana, ndimachenjeza. Ndinamuchenjeza za kugona foni ili kumutu, za kumwa madzi ali chiimire, za bambo wobweretsa gasi amene amaseka ngakhale palibe choseketsa. Pa zonsezo palibe chinachitika. Choncho mawu anga anasanduka kulira kwa firiji: umakumva tsiku loyamba lokha.

Tinkakhala awiriwiri pamwamba penipeni pa nyumba yosanja. Masitepe ake ndinawakwera kamodzi, tsiku limene anandibweretsa, atandigwira uku ndi uku, ndipo kuyambira pamenepo mawondo anakana kutsika. Dziko langa linali zenera, mpando wa ndalema ndi katani yobiriwira yothothoka m'mphepete. Pansi ndinkaona denga la wosoka nsapato, mitu ya anthu, ndi basi imene inkatsokomola pakona.

Ine sukulu sindinaione mkati, koma ntchito ya mdzukulu wanga ndinaimva chifukwa inkachitikira pa tebulo lodyera, pakati pa shuga ndi mankhwala anga. Iye anali mmodzi mwa osamalira pulogalamu ina yopanda chitseko. Ankati aliyense akhoza kuitenga ulere, kuwerenga m'mene inalembedwera, ngakhale kuikonza. Ndinamufunsa kuti nyumba yopanda chitseko amagonamo ndani. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Taonani, Agogo," anatero tsiku lina, akundilozera pa galasi la kompyuta. "Munthu akatsegula tsamba la pa intaneti, kabokosi aka kamamufunsa: kodi tikusiyireni makuki?"

"Munthu angakane bwanji zakudya?"

"Sadyeka awa. Ndi tizizindikiro tomwe timatsala m'foni mwake, kuti kalondolondo azidziwa kumene walowa ndi chimene wayang'ana."

"Kalondolondoyo ndani?"

"Tinene kuti ndi galu wonunkhiza mapazi. Ine ntchito yanga ndi chingwe cha pakati pa kabokosi ndi galuyo. Munthu akadina kuvomera, chingwe chimamasuka. Akadina kukana, galu amagona."

"Nanga akangoyang'ana, osadina kalikonse?"

"Amagonabe."

Tsiku limenelo ndinamukonda mwanayo koposa masiku onse. Sindinamuuze chifukwa. Mwamuna wanga atamwalira, ana anga anakhala pansi n'kundifunsa ngati ndingalole kusiya nyumba yanga. Ine ndinangoyang'ana manja anga, ndikufunafuna mawu okanira osakhumudwitsa munthu. Mwana wanga wamkulu anaomba m'manja nati, "Mayi avomera." Pofika mawa lake mbale zanga zinali m'katoni.

Mdzukulu wanga yekha ndiye anaona kuti pamwamba pano ndikufota. Bungwe lina lothandiza mapulogalamu opanda chitseko linkafuna kumulemba ntchito yokhazikika chifukwa cha chingwe chake chija, ndipo iye anali atapeza kale nyumba ya pansi, ya khonde ndi kabwalo. Anandionetsa chithunzi. "Muzikatuluka nokha, mkazi mnzanga, n'kumakachenjeza msewu wonse." Chithunzicho ndinkachipempha m'mawa uliwonse ngati mankhwala.

Koma podikira ntchitoyo ankagwirabe kwa bwana wina wa masitolo ambiri a pa intaneti. Nkhope yake sindinaionepo, ankangotuluka m'kompyuta ngati mzimu, ndiye ndinamutcha a Mawu-okha. M'mawa wina a Mawu-okha anali atalusa.

"Mayi, chiikireni chingwe chanucho, alendo anga asowa. Sindikudziwa amene akulowa, sindikudziwa amene akutuluka. Ndigulitsa bwanji ndili wakhungu?"

"Alendo alipo, bwana. Kungoti ambiri sadina kalikonse pa kabokosi."

"Ndiye akana?"

"Sanakane, koma..."

"Basi! Wosakana wavomera. Mlendo akalowa m'sitolo mwanga ndimayamba ndapempha chilolezo kuti ndimuyang'ane? Konzani lero."

"Ndikonze pa masitolo anu okha?"

"Masitolo anga onse amatunga pa chitsime chimodzi, pulogalamu yanu yomweyo. Konzani komweko, ndilibe nthawi yosamutsa chilichonse. Kapena ndipeze wina wa manja opepuka?"

Atazima a Mawu-okha, m'pamene ndinalankhula za galu zija. Mwanayo anapukusa mutu.

"N'kamzere kamodzi, Agogo. Ntchito yatsopano ikangoyamba ndidzabweza. Ndikasowa ya lendi n'kuchotsedwa pano tisanapeze kolowera, mudzatsika masitepe aja ndi mawondo ati?"

"Pa chitsimepo amatunga bwanayo yekha?"

"Ena aliponso. Sazindikira."

"Si iwe unati nyumbayi ilibe chitseko?"

"Ilibe chitseko, koma ndani ali ndi nthawi yowerenga makoma?"

Anadina, galu n'kumasuka. Kunja basi inatsokomola, wosoka nsapato anakhoma msomali wake, ndipo palibe chinagwa. Iye anandiyang'ana, natambasula manja ngati akuti: mwaona?

Panapita masabata angapo a mtendere. Ndinayamba kukulunga makapu anga m'nsalu, kukonzekera nyumba ya khonde. Ndinafika poganiza kuti chenjezo ili nalonso lapita kumene anapita anzake a madzi ndi gasi.

Kenako masana ena, ndikusenda mbatata, foni yake inayamba kunjenjemera pa tebulo. Inanjenjemera, n'kunjenjemeranso, mpaka inayenda yokha n'kukagunda botolo la mankhwala. Iye anaitenga akuseka. Ndinaona kuseka kukuchoka pankhope pake pang'onopang'ono, ngati madzi m'beseni lobooka.

"N'chiyani?"

"Wina wawerenga makoma."

"Ndani?"

"Sindimudziwa, Agogo. Munthu chabe. Walemba poyera, pomwe aliyense akuona."

Ndinachita kumukoka mawu limodzilimodzi. Pakati pa otunga pa chitsime chija panali gulu la alangizi othandiza amayi omenyedwa m'mabanja. Iwo anasankha chingwe cha mdzukulu wanga dala, chifukwa ankachikhulupirira. Mayi wamantha akatsegula tsamba lawo mobisa, sakhala ndi mtima wowerenga kabokosi. Amathamangira pomwe pali nambala yoimbira. Onsewo galu anawanunkhiza. Mayi wina analemba kuti foni yawo ndi imodzi ndi mwamuna wake, ndipo pambuyo pake inayamba kuonetsa zotsatsa za maloya othetsa mabanja, mwamunayo ali nayo m'manja.

"Ali moyo mayiyo?" ndinafunsa.

"Walemba yekha."

"Ali kuti?"

"Sananene."

Anakonza kamzere kaja pomwepo. Koma m'nyumba yopanda chitseko njerwa iliyonse imakhala ndi dzina la amene anaiika, ndipo ngakhale uichotse, dzinalo limatsala. Anaimbira a Mawu-okha.

"Bwana, auzeni kuti ndinu munandituma."

"Ine, mayi? Ine ndimagulitsa nsapato ndi mapoto, za mizere sindidziwa. Dzina lili pamenepo ndi la ndani?"

Anzake a pulogalamu sanamutukwane, ndipo mwina kutukwana kukanakhala bwino. Anamulembera mwaulemu kuti ayambe wapuma, n'kumulanda makiyi a osamalira. A bungwe lija anati aganizanso. Mwini nyumba ya khonde anadikira pang'ono, kenako anaipereka kwa ena.

Otukwana anali alendo. Anapeza chithunzi chake, sukulu imene anaphunzira, ngakhale msewu wathu. Wina anamutumizira chithunzi cha denga la wosoka nsapato, osalembapo kanthu. Kuyambira tsiku limenelo mwanayo anasiya kutsika. Buledi ankatibweretsera mkazi wa nyumba yoyandikana nafe, n'kumusiya pakhomo.

Mungaganize kuti ndinati, "Ndinakuuza." Mawuwo ndinali nawo, okhwima bwino, oyamba m'moyo wanga kupsa pa nthawi yake. Ndinawameza. Ndinamasula makapu anga m'nsalu iye ali m'bafa, kuti asamve makapuwo akugundana.

M'mawa wina mdzukulu wanga anakoka mpando wa pa tebulo n'kuuika pafupi ndi wanga. Pa zenerapo malo ndi a munthu mmodzi, choncho mapewa athu anagundana. Anakhala atavala malaya a dzulo, foni yozima ili pamiyendo, akuyang'ana mitu ya anthu pansi.

"Uyo wa chipewa uyo," ananong'ona, "wadutsa kale?"

"Ndi wogulitsa maambulera. Amadutsa tsiku lililonse."

"Wayang'ana kuno."

"Akuyang'ana mitambo."

Dzuwa linakwera n'kumulasa m'maso, koma sanaphethire. Ndinadzuka ndi mawondo angawo, n'kugwira katani.

"Ndikutsekere, mkazi mnzanga?"

Sanayankhe. Maso ake anali pa manja ake.

Ndinaima pomwepo, nsalu yobiriwira ili m'dzanja, mawondo akuyaka moto. Basi inabwera, inatsokomola, inapita. Ine ndinadikirabe.