Zipolopolo za Walter

Biswick anatsegula chitseko cha shedi, kanyumba ka zida kuseri kwa nyumba ya Walter, mpaka kumapeto, n'kuchitchinga ndi njerwa kuti mpweya uzilowa. Unali mmawa wa Loweruka, ndipo mitambo ya ku Romford inali italendewera pamadenga. Patebulo panali bokosi la zipolopolo zomwe mnzake Walter anadzaza yekha wonga.

Awiriwa anagwirira limodzi ntchito yolondera nyama kunkhalango ku Kasungu asanabwere ku London. Kuno analowa kilabu ya owombera chandamale, aliyense ndi laisensi yake. Koma Walter anali atayamba kuiwala. Sabata yapitayo mfuti yake inalira moopsa, n'kumulavulira utsi kumaso, ndipo mkazi wake Margaret, yemwe ndi namwino, anaimbira Biswick.

"Alamu, muziphwasule zonse," anatero Margaret ataima kunja kwa shedi. "Koma nkhaniyi ithere pompano. Apolisi akamva adzatenga mfuti, ndipo bambowa adzatsala opanda kanthu."

"Ndamva, alamu. Bwererani m'nyumba. Muno musalowe munthu."

Anavala magalasi otchinjiriza maso, nazimitsa hita yamagetsi, n'kuchotsa chilichonse chothetheka. Ankatenga chipolopolo chimodzichimodzi, kuzula mutu ndi chida chake, osalola chilichonse kugunda kabatani ka kunsi komwe kamayatsa wonga. Wongawo ankauthira pasikelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zisanu ndi chimodzi zoyamba zinali bwino. Chotsatira chinatulutsa wonga wachilendo, wopyapyala ngati mamba a usipa. Biswick anauzindikira: unali wa mfuti zazing'ono, woyaka mofulumira. Wochuluka chotero ukanang'amba mfuti yaikulu pamodzi ndi nkhope ya mwini wake. Anauika m'kachitini kakekake, poti wonga wosadziwika sausakaniza ndipo saugwiritsanso ntchito. Atayang'ana m'bokosi anaona mabowo khumi ndi awiri opanda kanthu, kupatula a zomwe iye anachotsamo.

Fungo la fodya linamufika. Walter anali pakhomo, ndudu ili pakamwa, akumwetulira.

"Achimwene, imani pomwepo," Biswick anatero motsitsa mawu. Anatuluka, namugwira mkono, napita naye pakati pa kapinga, n'kuzimitsa nduduyo m'dothi lonyowa. "Zipolopolo zina za m'bokosi lija zili kuti?"

Walter anakwinya nkhope. "Ndinapatsa munthu kukilabu. Anandipempha."

"Ndani?"

"Uja... wachipewa uja." Maso ake anayendayenda pampanda ngati dzinalo lalembedwapo. "Ntchito yanga ndi yabwino, Biswick. Sindinaphonyepo."

Biswick anayang'ana wotchi. Kukilabu amayamba kuwombera teni koloko, ndipo kunali kutatsala mphindi makumi awiri. Anakumbukira tsiku lomwe Walter anamunyamula kumsana atathyoka mwendo pothawa njati. Anayang'ananso Margaret, yemwe anaima pawindo la kukhitchini akupukusa mutu pang'onopang'ono. Komabe anatulutsa foni n'kuimbira kukilabu.

Mlembi wa kilabu anaimitsa zonse nthawi yomweyo. Anafunsa aliyense, ndipo mayi wina dzina lake Cynthia anatulutsa zipolopolo zisanu ndi zitatu m'chikwama chake. Anati Walter anamupatsa zimenezo basi. Zitaphwasulidwa, zitatu zinapezeka ndi wonga wolakwika uja.

Lolemba apolisi awiri anabwera kudzatenga mfuti ndi wonga wonse. Walter anawalandira ngati alendo, nawagwirira geti potuluka. Margaret anaima ndi Biswick mpaka galimoto itakhota pakona.

"Munachita bwino, alamu," anatero Margaret osamuyang'ana. "Koma musabwere kaye."

Zinayi zotsalazo sizinapezeke. Anasesa shedi, anapisa m'matumba a majekete, kilabu inalembera mamembala onse makalata. Palibe anavomera. Mwina Walter anaziwombera kale, mwina zili m'kabati ya munthu wina ku Croydon, zitasakanikirana ndi zinzake zofanana nazo ndendende. Tsoka silinunkha.

Biswick amapitabe kukilabu Loweruka lililonse, koma mfuti yake amaisiya kunyumba. Amakhala pabenchi kumbuyo kwa mzere wa owombera, manja ali pamawondo, kumvetsera kulira kwa mfuti iliyonse.