Lachisanu la Tiza ndi Babu la Inonge

Ba Chilekwa, mphunzitsi wa sayansi, anali mlendo m'komboni ya Kanyama, ndipo chilendo chawocho ndi chimene chinawapusitsa. Anasiyira Tiza, mlembi wa kalasi, kuti akonze zonse za chionetsero cha sayansi: tsiku, nthawi, ndi poika matebulo. Tizayo akafatsa nkhope ngati mwana wa kwaya, dziwani kuti m'mutu mwake mukuphikidwa kanthu.

"Pa Chisanu, ba Ticha, naini koloko," anatero mwaulemu wonse.

Ku Kanyama ngakhale kamwana ka zaka zisanu kamadziwa kuti Lachisanu malaiti amathima m'mamawa, osabweranso mpaka dzuwa litalowa. Ba Chilekwa okha ndi amene sankadziwa.

Tiza anali ndi chifukwa chake. Kwa mwezi wathunthu ankatola fumbi la makala kwa ogulitsa pamsika, n'kumalisakaniza ndi phala la chinangwa, kuumba timibulu toyanika padenga. Amake, ba Ketty, amene ankachapa ndi kusita zovala za anthu a kumayadi, zinawatopetsa zala zakuda pafupi ndi malaya oyera a eni ake.

"Ukaluza, ivi vamatope vako vasila," anamuuza. "Pa Chibelu sudzayendanso ku sayansi, uzayamba kunithandiza kuwasha." Ankanena za kalabu ya sayansi ya Loweruka, imene Tiza sankaiphonya.

Ndiye panali Inonge, amene anapanga kabokosi kofungatira mazira ndi babu lamagetsi. Kalasi yonse inkangokamba za iye. Koma kabokosiko popanda magetsi n'chiyani? Katoni ya mazira basi. Tiza anaika tebulo la Inonge pakhomo penipeni, pamene anthu amangodutsa, lake n'kuliika kutsogolo, ndipo dzina lake analilemba kumapeto kwa ndandanda kuti makolo apite kwawo akukumbukira iye. Kholo lililonse linkalandira chitsekerero cha botolo choti liponye m'chitini cha tebulo limene lalikonda.

Lachisanu makolo anadzaza kalasi, poti kunyumba kunalibe choti achite. Inonge anafotokoza za kabokosi kake kozimako misozi ili m'maso, anthu akungoyasamula. Tiza anamva kachisoni pang'ono, koma kanali kochepa zedi, ndipo sikanachedwe kutha.

Nthawi yake itakwana anayatsa mbaula, timibulu tija n'kugwira moto bwinobwino, popanda utsi. Anaona amake akutambasula khosi pamzere wachiwiri, mtima wake n'kuyamba kuvina.

"Makolo athu okondedwa," anayamba motero.

Pomwepo babu la Inonge linayaka.

Kunja ana a komboni yonse anakuwa kamodzi: "Malaiti!" Amene anakhalapo ku Kanyama akudziwa zimene zimatsatira. Magetsi obwera mosayembekezeka sadalirika, munthu amawathamangira asanasinthe maganizo. Wometa anakumbukira makina ake, wowotcherera anakumbukira geti la kasitomala, amayi anakumbukira mafoni ndi mafiriji. Mabenchi anagwa. Ba Ketty ndiwo anali patsogolo, chitenje atachikwinya m'manja.

Ndipo zitsekerero zija? Munthu wothamanga sabwerera kutsogolo kwa kalasi kukafuna chitini. Aliyense anaponya chake m'chitini chapakhomo, ngwe, ngwe, ngwe, ena mpaka kumusisita Inonge pamutu ngati ndiye wabweretsa magetsiwo. Tiza anatsala ataima ndi mbaula yake, akulankhula kwa mabenchi. Ngakhale ba Chilekwa anali atagwada pakona, akulowetsa chaja ya foni pakhoma.

Powerenga, Inonge anapeza zitsekerero makumi anayi ndi chimodzi. M'chitini cha Tiza munali chimodzi chokha, ndipo anaponyamo ndi Inonge yemweyo, amene anatola chitsekerero chogwera pansi anthu atatha. Zimenezo zinamuwawa Tiza kuposa kuluza kumene, moti anayenda njira yonse thumba la timibulu lili pamutu, manyazi akumuotcha m'makutu.

Pofika kunyumba anapeza malaiti atathimanso kale. Ba Ketty anali atakhala pakati pa mulu wa malaya, atatu okha ositidwa, eni ake akuwafuna madzulo omwewo. Anali atatulutsa simbi yakale ya makala, koma m'thumba la makala munali mbee.

Anayang'ana katundu wa pamutu pa mwana wawo kwa nthawi yaitali.

"Leta kuno," anatero, akutambasula manja kuti alandire thumbalo.

Timibulu tija tinayaka m'simbimo osathetheka, osagwetsa phulusa pa kolala ya munthu. Ba Ketty anasita malaya asanu ndi awiri asanawonjezere kena. Tiza ankawerenga.

"Amama, chitsekerero chanu munaponya kuti?"

"Kwa Inonge. Nenze na nthawi yosakila tebulo yako? Nindani wopanda nzelu anamuika pakhomo mwana uja?"

Tiza anayang'ana pansi, n'kuyamba kupinda malaya mwakhama.

"Pa Chibelu uzayenda ku sayansi kwako," anapitiriza ba Ketty, akutembenuza mkono wa shati. "Ukabwela, unipangile masaka yabili ya ivi vamatope. Koma usambe m'manja ukalibe kugwila vovala va banthu."