Chikuta M'bafa la Anaphiri

Ine ndine Redson Chikaonda. Ndinayamba ndi kusenza mitolo pa siteshoni ya Limbe, koma pofika chaka chimene boma linkasamuka ku Zomba ndinali ndi malole anayi. Ndadyapo nkhanu ku Beira, ndakwerapo chikepe cha m'nyumba ku Joni, ndatukanidwapo m'Chiswahili ku Dar es Salaam n'kubweza mawu awiri pa amodzi. Matebulo, mipando ndi mafayilo a likulu zinafika ku Lilongwe pamsana pa malole anga. Amene anakana kukwera ndi mkazi wanga yekha, Anaphiri.

"Kufumbi kuja?" anatero. "Kuno ku Zomba madzi amatsika okha m'phiri. Kumeneko munthu amasamba n'chiyani, thukuta?"

Ndinawalonjeza bafa. Osati kampanda kaudzu kuseri kwa nyumba, koma bafa loyera lachizungu, logonamo munthu wathunthu, la mipopi iwiri. Ndinamanga nyumba ku Eriya 12, pakati pa kazembe wina ndi tchire, n'kuikamo bafalo. Anaphiri anayankha ndi kalata ya mizere itatu: afika Loweruka, asambamo kamodzi, ndipo akatuluka m'madzimo anena ngati atsala kapena abwerera ndi lole yomweyo.

Pabalaza ndinali ndi thanki yagalasi ya nsomba zongoonera, monga ndinaonera m'hotela ku Durban. Munali tinsomba tiwiri, tosafika kutalika kwa chala. Wondigulitsa analumbira kuti tonse n'tatimuna. Kamodzi katayamba kunenepa ndinanyadira, pakuti pakhomo panga ngakhale mlonda amanenepa.

Lachiwiri m'mawa Alinesi, mayi wachikulire amene ankandiphikira, anakuwa ali ndi tsache m'manja.

"Bwana! Abambo onenepa aja achira!"

Ndinapeza timadontho ta maso okhaokha tili balalabalala m'madzi a m'thanki muja. Sanali mazira ayi. Anali ana amoyo, akutuluka mmodzimmodzi ngati anthu akutsika basi. Ndikuyang'ana choncho, mnzake wowonda uja anayasamula n'kumeza awiri.

Munthu wina akanayamba kufunsa mafunso. Ine ndinatenga sefa ya tiyi. Ndowa zonse zinali za simenti, mapoto Alinesi anawakaniza, ndipo chinthu chokhacho choyera m'nyumba yonse, chosakhudzidwapo ndi sopo, chinali bafa. Ndinatsegula mpopi wozizira n'kuthiramo ana makumi atatu ndi mmodzi.

"Mpaka Lachisanu basi," ndinatero.

"Lachisanu?" Alinesi anagwira m'chiuno. "Mwana satuluka m'chikuta mchombo usanagwe."

"Nsomba ilibe mchombo, mayi."

"Yoikira mazira ilibe. Iyi yabereka ngati munthu, mwaona nokha."

"Ine ndayenda maiko asanu ndi awiri!"

"Kumeneko munaonako mchombo wa nsomba utagwa?"

"Ayi."

"Ndiye sunagwe."

Ndinaitana Goliati, mlonda wanga, munthu wamkulu mumpingo, kuti amulangize. Goliati anamvetsera mbali zonse, anavula chipewa, n'kunena kuti iye za makolo anasiya kalekale, koma ana a eni sayesera. Kenaka anatenga mpando wake kuchipata n'kukauika pakhomo pa bafa. M'chikuta mwamuna salowa, anatero, ngakhale mwamunayo ndi amene anagula chitseko. Ntchito yanga inatsala kuphika dzira, kunyenya chikasu chake, n'kupereka pa kampata ka chitseko. Ndinkapereka dzira lathunthu katatu pa tsiku. Ana a m'nyumba ya Chikaonda sagona ndi njala.

Lachinayi ndinatsikira kutauni yakale kukafuna bafa lachiwiri. Ndinalowa sitolo iliyonse kuyambira pamlatho mpaka kumsika. Onse anandiseka. Mabafa onse anali atapita ku nyumba zatsopano za boma, ndipo ena anali akadali panyanja yamchere. Wina anandionetsa beseni losambitsira khanda.

Lachisanu masana, Goliati akuwodzera pampando wake, ndinazungulira kuseri ndi sefa ndi mtsuko. Taganizani: mwini malole anayi, atavala suti ya ku Joni, akukwera zenera la nyumba yake yomwe. Mutu ndi mapewa zinalowa. Mimba inakana. Alonda a kwa kazembe ataona miyendo ikupalasa m'mwamba anaimba wezulo, ndipo anandikoka anthu atatu, Goliati akuwalangiza kuti asamale nsapato chifukwa akuzidziwa kuti n'za bwana.

"Pepani bwana," anatero atandiimika. "Koma mchombo sunagwe."

Loweruka lole inaima pachipata dzuwa lili paliwombo. Anaphiri anatsika ali ofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze, thaulo paphewa, sopo m'manja. Anauza dalaivala kuti asazimitse injini. Sanayang'ane maluwa, sanayang'ane makatani amene ndinachita kuitanitsa.

"Lili kuti?"

Ndinayamba kufotokoza za ku Durban. Alinesi anandidula pogwada n'kuwanong'oneza kukhutu. Anaphiri anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, Goliati anasuntha mpando, ndipo amayi awiriwo analowa n'kutseka chitseko.

Ndinaima pakhonde. Injini inali kulira panja. Ndakhalapo maola asanu ndi limodzi pachipata cha dziko la eni, msilikali atagwira chiphaso changa chozondoka, koma sindinatuluke thukuta ngati la tsikulo.

Anaphiri atatuluka anali ofiirabe. Sopo anali wouma.

"Ndani wakhala akuthira dzira lonseli?"

"Ine, Anaphiri. Akatswiri a kunja amati..."

"Akatswiri anuwo ana awo amatsala angati? Madzi achita kununkha. Anayi ayandama kale." Anatembenukira kwa Alinesi. "Kachikasu kongokwana pansonga ya machesi. Madzi tizichotsa pang'onopang'ono, atsopanowo azigona kaye mumtsuko. Abambowa asayandikirenso dzira."

"Nanga za kusamba?" ndinafunsa motsitsa mawu, chinthu chimene sindichita kawirikawiri.

"Mawu anga sindinasinthe, a Chikaonda. Ndinati ndisamba m'bafa, kenaka ndinena. Ndasamba?"

"Ayi."

"Ndiye sindinanene. Kauzeni dalaivala azimitse, akutha mafuta. Ndidikira anawa akule atuluke."

Anakuladi. Patatha milungu inayi Alinesi analengeza kuti michombo inagwa tonse osaona, ndipo tinakonza zowatulutsa. M'mawa wa tsiku lomwelo abambo onenepa aja anachiranso, ana makumi anayi, ndipo onse analowa m'bafa. Patapita miyezi itatu ana oyamba aja nawonso anayamba kunenepa. Tinagawira kazembe, tinagawira abusa a Goliati, tinagawira aliyense wobwera ndi botolo la pakamwa papakulu. Anaphiri anadzala mapeyala kuseri, analowa kwaya ya amayi, ndipo aliyense wowafunsa ankamuuza kuti ku Lilongwe angobwera kudzasamba.

Chaka chachiwiri kunazizira kwambiri, nsomba zinaleka kubereka, ndipo m'bafa munatsala ana asanu okha, akuluakulu, oyenera kutuluka. Ndinadziwa kuti amenewa akatuluka, Anaphiri asamba n'kunena. Lachitatu ndinabwerera kunyumba msanga kudzatenga makiyi, ndipo ndinakumana ndi Anaphiri m'kanjira ka m'nyumba akuyenda monyang'ama. M'manja anali ndi kapu, m'kapumo muli nsomba yaikazi ya mimba yaikulu kuposa zonse za m'thanki.

Tinayang'anana.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero. "Manja anga agwira kapu. Tsegulani chitseko."

Ndinatsegula, ndipo mu Lilongwe monse palibe munthu amene anatsegulapo chitseko mwaluso ngati ine tsiku limenelo.