Makomo Oyang'anizana

Tsiku limene Thelma Nakamarra analandira nyumba ya boma, anagejemula chimbudzi mpaka mlamu wake Gladys anachita kumugwira mkono.

"Alamu, madzi a m'chipululu muno muwamaliza lero lomwe," anatero Gladys. Koma naye anagejemulako kamodzi kuti angomva m'mene amasokosera.

Thelma anakalambira m'nyumba ya achimwene ake, momwe anthu ankagona ngati machesi m'bokosi, matiresi kuyambira kukhitchini mpaka pakhonde, mpope utafa kalekale. Tsopano boma linali litamanga nyumba zatsopano kumapeto kwa mudzi, pamchenga wofiira, ndipo imodzi inali yakeyake. Analowa chipinda chilichonse akuvina ndi mawondo ake ophwanya ndi ukalamba, n'kumayatsa magetsi dzuwa likuswa mtengo. Atayatsa makina oziziritsa m'nyumba anaima pansi pake manja m'mwamba ngati ali m'tchalitchi. Tisabise mawu, mayiyu chimwemwe chinamuzunguza mutu.

Prue, mzungu wa ku ofesi ya nyumba amene anabwera ndi makiyi kuchokera kutauni ya Alice Springs, ankangomwetulira. Anali mtsikana wabwino mtima, wa mtundu uja woti akakuchitira zabwino sapuma mpaka uzione. Anawaitanira kukhomo la kumaso, akuti ali ndi mphatso ina. Anachita kulimbana ndi mabwana ake, anatero, kuti Thelma asakhale kutali ndi mwana wake Shontelle. Atatero anatsegula chitseko.

Patsidya pa kabwalo kakang'ono panali nyumba inzake, khomo lake kuyang'anizana ndendende ndi la Thelma. Pakhomopo panaima Jangala, mwamuna wa Shontelle, matiresi ali paphewa.

Thelma anadzigwetsa kuseri kwa chitseko ngati wamva mfuti. Jangala anatembenuka mwaphuma, matiresi n'kukakamira pakhomo, iye n'kugwera m'nyumba miyendo m'mwamba. Gladys anaseka mpaka kukhala pansi.

Mpongozi ndi mkamwini saonana maso ndi maso, salankhulana, ngakhale dzina satchulana. Zimenezi mwana aliyense m'mudzimo amazidziwa asanadziwe kuvala nsapato. Chikwatireni Shontelle, awiriwa ankazembana mwaluso: wina akakhala m'sitolo, mnzake amadikira kuseri kwa thanki ya madzi. Ndiye lero boma lawaika khomo ndi khomo, ngati nkhuku ziwiri zofuna kujomphana.

Prue anafunsa monong'ona ngati anthuwa anayambana. Gladys, akupukuta misozi, anamuuza kuti ayi, m'mudzi monse mulibe anthu olemekezana ngati awiriwa, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mtsikana uja anafiira mpaka m'makutu. Anatuluka kukaimba foni, n'kubwera nkhope itagwa. Amisiri anali atapita kale, khomo silingasunthidwe, nyumba zonse zagawidwa. Thelma akaikana iyi, ipita kwa banja lina, ndipo zina sizidziwika kuti zidzamangidwa liti.

Apa malangizo anavumba ngati mvula. Gladys anati Thelma azitulukira pazenera, mawondo azolowera. Kenaka anati ayi, bola Jangala amumange belu m'khosi ngati ngamila, azimveka akamabwera. Prue anati adzagula katani yaikulu. Shontelle, amene anathamangira kuno atamva phokoso, anafunsa kuti katani yake yotchinga bwalo lonse idzakhala ya ku sitolo iti. Onse anaseka, Thelma naye anaseka, koma kuseka kwake sikunakhalitse. Anali atakhala pansi m'khitchini mwake, momwe anali asanaphikemo ngakhale tiyi, ndipo mumtima munamuwawa koopsa.

Anaganiza za adzukulu ake, amene anabadwira m'chipinda chimodzi ndi anthu ena onse. Anawo ankaifuna nyumba ya tsidyayo kuposa m'mene iye ankafunira yakeyi. Anayamba kupinda bulangete lake.

"Pita ukawauze aja asavutike," anauza Shontelle. "Ine ndibwerera kwa amalume ako. Ndinazolowera."

Shontelle anapita. Kutsidyako kunamveka kukambirana, kenaka zinthu zikukokedwa pansi, kenaka zii. Gladys anayesa kunena nthabwala ina koma sinapse. Thelma anazimitsa magetsi aja, chipinda ndi chipinda, pang'onopang'ono.

Shontelle anabwera akuseka, dzanja atafumbata.

"Amayi, akuti khomo la kumaso alikiya. Iwo azidzera kumbuyo, kochapira zovala. Mpando wawo aukokera komweko."

"Kumbuyo kulibe mthunzi," anatero Thelma. "Kuli zinyalala zokhazokha."

"Ndawauza. Akuti kuli mphepo yabwino." Anafumbatula dzanja. "Ndipo akuti kiyi ndi uyu, musunge ndinu, kuti mukamakhala pakhonde mtima uzikhala m'malo."

Thelma anamuyang'ana kiyi uja nthawi yaitali. Mkamwini wakeyo, bambo wamkulu wokhala ndi ana, amene chibadwire anali asanakhalepo ndi khomo lakelake, anakhala nalo m'mawa umodzi n'kulipereka. Ndipo Thelma sakanatha ngakhale kumuuza kuti zikomo. Misozi inatsika, chikhalirecho mano ali pamtunda.

Anadzuka, anakoka mpando mpaka pakhonde, n'kukhalapo mwaufumu, maso ali pachitseko chotseka chija. Galu wa Jangala, wachikasu, wa khutu limodzi, anali atagona pakati pa bwalo.

"Iwe galu!" anakuwa Thelma, mokweza moti anamveka mpaka kusitolo. "Ndikuwotcha mchira wa kangaru madzulo ano. Konona kwenikweniko si kwako, wamva? Ukanene kwanu kuti munthu wina analeredwa bwino."

Galu sanatukule n'komwe mutu. Koma kuseri kwa nyumba ija, kochapira zovala, munthu wina anatsokomola mwaulemu.