Kamera ya Hillary, Njovu ya Langford

"Dzina lilembedwe langa," anatero Hillary, akugogoda tebulo la pa loji ya alendo. "Kamerayo ndi yanga, mayi. Ndinalima thonje zaka ziwiri kuti ndiigule."

Cynthia, mayi wa ku Lusaka amene ankakonza filimu ya moyo wa anthu a ku Kakumbi, anayang'ana Langford, mlamu wake wa Hillary. Langford ankangopinda chipewa chake m'manja.

Dera lonselo wojambula maukwati wodziwika anali Hillary. Langford analibe dzina, ankangoperekeza mlamu wakeyo pa njinga. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina m'mawa akupita ku ukwati, anakumana ndi njovu ikusasula denga la nkhokwe, ndipo mphindi zinayi zimene zinajambulidwa pamenepo ndizo Cynthia ankafuna. Wojambulayo dzina lake linali loti lilembedwe pa filimu, n'kumaitanidwanso ku ntchito zina. Pamsika anthu ankangoti "vidiyo ya Langford," ndipo Hillary akamva zimenezo chakudya sichinkatsika. Inali nsanje basi, ngakhale iye ankaitcha chilungamo.

"Kuno kwathu munthu akabwereka ukonde, nsomba zazikulu amasankha ndi mwini ukonde," Hillary anapitiriza. "Ndanama, alamu?"

"Simunaname, alamu."

"Ku mtsinje wa Luangwa zimatero," anayankha Cynthia. "Koma pa zojambula, mwini wake ndi amene anajambula, pokhapokha ngati munamulemba ntchito kapena munalemberana pepala. Munalemberana?"

Analemberana kuti, anthu odyera mbale imodzi? Kenako bodza linatuluka lokha pakamwa pa Hillary.

"Ndipotu wojambula ndine. Awa anangogwirizira mathu minitsi."

Cynthia anatsegula laputopu n'kuyamba vidiyoyo poyambirira penipeni, pamene Langford anadula asanaitumize m'mafoni a anthu. Poyamba panaoneka thambo likugwedezeka, kamera itangoponyedwa m'manja mwa munthu. Kenako panaoneka msana wa bambo wa jekete la ku ukwati akudutsa m'munda wa chimanga, nsapato imodzi itatsalira, akukuwa kuti, "Mayo ine! Alamu, gwirani!" Njovu inabwera pambuyo pake, yosatekeseka n'komwe.

"Ndinadula pofuna kukusungirani ulemu," Langford ananena chapansipansi.

Mawu amenewo anamuwawa Hillary kuposa vidiyoyo.

Cynthia anatulutsa mapepala awiri. Loyamba anapatsa Langford, lolola Cynthiayo kugwiritsa ntchito vidiyoyo, umwini n'kukhalabe wa Langford. Lachiwiri analikankhira kwa Hillary.

"Thupi lili apolo ndi lanu, bambo. Popanda chilolezo chanu sindingalionetse. Ndipo popanda poyambira paja, vidiyoyi sinditenga, chifukwa njovu ndili nazo zambiri. Chimene ndilibe ndi mantha a munthu wokhala nazo pafupi."

Mtima wa Hillary unadumpha ndi chimwemwe choipa. Kungokana kokha, Langford abwerera ku njinga yake, pamsika padzakhala zii. Anatola cholembera, koma sanalembe.

"Mukakana sindidandaula, alamu," anatero Langford. "Kamera inali yanu ndithu."

Akanakhala kuti wachonderera, Hillary akanakana mosavuta. Koma akafika kunyumba akamuuza chiyani Rosemary, mkazi wake, mlongo wa munthu wofatsa chonchi? Anasaina mokanikiza mpaka pepala linabooka.

"Koma dzina langa likhalepo, zilembo zazikulu ngati zake. Mulembe kuti mwini kamera."

Cynthia anasunga lonjezo. Tsiku loonetsa filimuyo pasukulu, dzina la Hillary linatuluka lalikulu ndithu, koma palibe analiwerenga. Anthu anali akugwirabe m'mimba ndi kuseka, chifukwa msana uja anali atauzindikira kale.

Pobwerera Langford anaimitsa njinga kuti mlamu wake akwere. Hillary anakumbatira kamera yake n'kunena kuti ayenda wapansi.