Bere la Nsalu

"Ndati sindipita! Mukapereke nokha."

"Iwe Jesinta, ndili ndi miyendo ingati ine?" Modesta, mkulu wake, anaponya zitenje pamphasa. "Manesi aja ankakwera zitunda za Bangwe kudzapatsa mayi mankhwala opha ululu, ife osalipira kanthu. Pano njinga yawo yamoto yafa. Tigulitse zitenje za mayi kutchalitchi, zopezekazo tikawapatse. Chavuta n'chiyani?"

"Kugulitsako ndigulitsa. Koma kuchipatala kwawoko ayi, achemwali."

Mayi awo anali atangoikidwa kumene. Tsiku logawana zovala, abale akumudzi anatola nsapato ndi maduku, koma zitenje anazilambalala ngati zili ndi chitedze. Wina ananong'ona kuti khansa imatsalira m'nsalu. Jesinta, wa Fomu 4 wathunthu, anangoseka. Koma m'mawa mwake akusamba, chala chinagunda kanthu kolimba ngati nzama m'bere lakumanzere, pomwe panayambira mayi pomwepo. Chiyambireni ankasamba mothamanga, maso ali kudenga. Koleji, diresi loyera laukwati, chibwenzi chake cha ku Chinyonga, maloto onsewo anayamba kununkha mankhwala a m'wodi.

Modesta anakhuthula chikwama chotsiriza. Munatuluka tinthu tansalu tobulungira, tokhutitsidwa thonje.

"Nanga izi?"

"Mabere," anatero Modesta chapansipansi. "Mayi atawadula bere lija anadzisokera lawo. Kenako amayi anzawo kuchipatala anayamba kupempha. Ankasoka ali chigonere, iwe uli ku mayeso, n'kumatuma nesi: 'Kam'patseni wa ku Machinjiri uja, asamadziphimbe ndi chikwama mu minibasi.'"

Limodzi linali losamaliza, singano ikadali chibayire, ulusi uli lende. Jesinta analitola. Msoko unayamba mowongoka, n'kumapita ukukhota, ukutalikirana, mpaka pomwe dzanja linatopera. Koma mayi sanadule ulusi. Ankayembekeza kudzapitiriza.

 Asanasinthe maganizo, Jesinta anagwira dzanja la mkulu wake n'kulilowetsa pansi pa bulauzi.

 Chala cha Modesta chinaima pamalopo osasuntha. Panja wina ankaitanira makala.

"Mayo ine. Kuyambira liti? Bwanji osanena, mwana iwe?"

Jesinta anafumbata bere lansalu lija mpaka singano inamubaya.

"Ndikuopa, achemwali. Ndikufuna manesi aja akandione. Mundiperekeze, ndipo tikakalowa musakandisiye dzanja."