Mayina a Adzukulu

"Masamba atatu awa achoke," anatero mayi Ishbel Drummond, cholembera chofiira chili m'manja.

Flossie anaika kapu ya tiyi pansi. Kwa miyezi isanu ankabwera kuno ku Pollokshields, dera la mu mzinda wa Glasgow, kuti gogoyu amukonzere buku lonena za malemu mayi ake. Mayi Ishbel analembapo buku la moyo wawo, koma podula mawu a anzawo, eee, chisoni analibe.

"Achoke bwanji?"

"Ndi mayina okhaokha. Isaiah, Ephraim, Rodgers, uje ndi uje. Wowerenga wa ku Glasgow agona."

"Agone! Amenewo ndi adzukulu, anthu amene anakumba manda a mayi anga ku Ntcheu. Enawo ndi amayi amene anasambitsa thupi. Kwathu maliro n'kulirana. Bukuli likafika kumudzi dzina la munthu mulibe, ndidzawayang'ana ndi maso ati?"

Mayi Ishbel anavula magalasi. Anatembenuza masambawo pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere uliwonse.

"Mwalemba amene ananyamula bokosi, amene anatunga madzi, ngakhale mwini ngolo. Nanga inuyo munaima pati?"

Funso limeneli Flossie ankaliopa kuyambira tsiku loyamba. Mayi ake atamwalira, mapepala a Flossie okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Akanapita, sakanabwerera. Mwambo wonse anauonera pa foni ali m'khitchini mwake ku Govanhill, chithunzi chikudukaduka. Mayinawo anachita kulemberedwa ndi mchemwali wake Joanna.

"Kunalibe ine," anatero motsitsa mawu, manyazi atamugwira.

"Ndinadziwa. Munthu amene analipo sawerenga anthu chonchi." Gogoyo anabweza chivindikiro pa cholembera. "Mayina akhale, onse. Koma pamwamba pake mulembe zimene mwandiuzazi. Apo ayi, sindikonza bukuli."

"Anthu a kumpingo kwathu adzati chiyani? Mwana wosaika mayi ake!"

"Adzanena, inde. Zimenezo sindingakuletsereni."

Flossie anatulutsa mpweya. Nkhalamba youma mtima ngati imeneyi anali asanaionepo, komabe bodza sinanene. Anakoka tsamba loyamba, nabwereka pensulo. Analemba pamwamba pa dzina la Isaiah: "Mayi anga anaikidwa ndi anthu awa, chifukwa ine mwana wawo sindinabwere."